Horn yanga imangoti “pa, pa, pa” m'bandi: ndiisiye?

“Ndili ndi zaka 19, ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu. Ndakhala ndikuimba French horn m'bandi ya achinyamata ya kumpingo kwathu kwa zaka zitatu. Tilipo oposa 25, koma horn ndi imodzi yokha, yanga yomweyi, imene inabwera pamodzi ndi zida zina zakale zimene mpingo unalandira. Nyimbo iliyonse yogubira ine ndimangoti pa, pa, pa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'nyimbo za Mulungu ndimapatsidwa aluto, manotsi atatu omweomwewo. Nthawi zina pepala langa limalembedwa kuti E♭ Horn, ndipo ndikaimba zimamveka ngati ndasochera. Anzanga a cornet ndi euphonium amaimba zokoma, anthu n'kumawaombera m'manja, pamene ine amayi anga anandifunsa tsiku lina ngati chida changachi chimalira n'komwe. Pa intaneti ndimamva horn ikuimba mokoma mpaka misozi kulengeza. Kodi aphunzitsi athu amandiona ngati sindimatha? Ndisinthe ndipite ku trumpet?”

Achemwali, pepani, ndipo zikomo polemba mosabisa mawu. Choyamba chotsani m'mutu zoti aphunzitsi anu akukupeputsani. Dandaulo lanuli oimba horn akhala akulinena m'mabandi a m'maiko ambiri kuyambira kale inu musanabadwe. Vuto lalikulu lili papepala limene mumapatsidwa, ndipo pepala limasinthika. Za trumpet tiyambe tazisiya apo, tizifika kumapeto.

“Pa, pa” wanuyo ali ndi kumene anachokera. Bandi yoguba ilibe gitala, ilibe kiyibodi, komabe nyimbo imafuna wina wogwira chord (manotsi angapo omveka pamodzi) ndi kuikankha kuti iziyenda. Olemba nyimbo zogubira a m'zaka za m'ma 1800 anagawa ntchitoyi pawiri: tuba ndi ng'oma yaikulu zimagunda pamene phazi likutera pansi, malipenga a mawu apakati n'kuyankha phazi lili m'mwamba. Malipenga oyankhawo nthawi zambiri sanali French horn. Anali timalipenga ta E♭ tooneka ngati euphonium yaing'ono, ta m'banja la ma saxhorn amene Adolphe Sax analembetsa ku Paris mu 1845. Ku Britain amati tenor horn, ku America amati alto horn. N'topepuka ndipo sitivuta kuimba munthu ukuyenda. French horn italowa m'bandi inapeza ntchitoyi ili kale pampando umenewo, n'kungoilandira ngati mkamwini amene wapeza munda utaikidwa kale malire. Mpaka lero bandi za mtundu wa ku Britain zotchedwa brass band, monga za Salvation Army, sizikhala ndi French horn ayi, zimakhala ndi ma tenor horn. Ngati mabuku a bandi yanu anachokera ku bandi zotere, ndiye chifukwa chake pepala lanu limati E♭ Horn. Linalembedwera chida china.

Apa ndi pamene pali kusochera kumene mwanenako, ndipo ndi vuto loti mukhoza kulithetsa sabata ino. Horn yanu ndi ya F: mukaona C papepala n'kumuimba, pa kiyibodi pamamveka F wa m'munsi mwake. Wa tenor horn akaimba C yemweyo pamamveka E♭. Ndiye mukawerenga pepala lake mmene lalembedwera, mumakhala toni imodzi yathunthu pamwamba pa bandi yonse, nyimbo yonse. Khutu lanu silikunama. Notsi iliyonse itsitseni ndi toni imodzi: C akhale B♭, D akhale C, G akhale F, ndipo pa kiyi ya nyimbo muwonjezere ma flat awiri. Pepala lopanda chizindikiro chilichonse likhala la ma flat awiri, la sharp imodzi likhala la flat imodzi, la ma sharp awiri likhala lopanda kanthu. Masabata oyamba kopererani ndi pensulo papepala lina. Kenako muzitenga nyimbo ya Mulungu imene mumaidziwa pamtima n'kumaitsitsa ndi maso okha, mphindi 10 patsiku. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu maso amazolowera. Fufuzaninso m'bokosi la horn yanu. Ma horn ambiri akale a ma valve atatu (mokanikiza ndi zala posintha notsi) ankabwera ndi slide (kachitoliro kokoka potchuna chida) yapadera yotalikirapo imene imasandutsa chida chonse kukhala cha E♭. Ikapezeka, mukhoza kuwerenga pepala lija monga lilili, bola mukokeko pang'ono ma slide atatu a ma valve kuti alingane ndi kutalika kwatsopanoko.

Zifukwa zina n'zachidule. Kukamwa kwa horn kumaloza kumbuyo, choncho pabwalo mawu ake amathawira kumene kulibe omvera, ndipo wokonza nyimbo safuna kuika tchuni pa chida choti anthu sachimva. M'nyimbo za Mulungu aphunzitsi ambiri amangotenga buku la kwaya n'kugawa: sopulano kwa ma cornet, aluto kwa horn, tenala kwa euphonium ndi trombone, besi kwa tuba. Aliyense amene anaimbapo aluto m'kwaya akudziwa kuti ndiwo mzere umene suyendayenda, umangozungulira pa manotsi a solfa d, t, d, r. Komanso makampani osindikiza nyimbo za mabandi a sukulu amadziwa kuti bandi zambiri zilibe horn, ndiye amalemba moti nyimbo imveke bwino ngakhale horn palibe, ndipo kalikonse kofunika amakapatsanso alto sax.

Chifukwa chomaliza chimakhudza chidacho, ndipo n'chofunika kuti muchimvetse chifukwa aphunzitsi anu amachiopa. Chitoliro cha horn ya F chikatambasulidwa chimatalika pafupifupi mamita 3.7, pamene cha trumpet sichifika ngakhale mita imodzi ndi theka. Pa chitoliro chachitali chonchi, manotsi amene amatuluka pa kagwiridwe kamodzi ka zala amakhala moyandikana kwambiri. Osakhudza valve iliyonse mukhoza kutulutsa C, E, G, B♭ wotsikirapo, C, kenako D ndi E zotsatizana. Wa trumpet akalunjika notsi, oyandikana nayo amakhala patali. Inu mukaphonya pang'ono pokha, mwagwera pa notsi ina. N'chifukwa chake horn imadziwika ndi kuthyoka mawu. Mphunzitsi amene ali ndi horn imodzi yokha, popanda wachiwiri wophimba, amaona kuti kuli bwino aiike pamene ikathyoka anthu sazindikira. Si chidani chimenecho. Ndi mantha, ndipo mantha otere amatha munthu akamva ndi makutu ake kuti mumalunjika.

Tsopano “pa, pa” yemweyo. Sindikuuzani kuti ndi wokoma ngati tchuni, chifukwa si zoona. Koma ndi ntchito yeniyeni, ndipo ndi ochepa amene amaigwira bwino. Taganizani amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Munsi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo chimene chimakometsa ndi chakuti wachiwiriyo amagwera pakatikati penipeni. Akachedwa pang'ono, minsi iwombana kapena woyambayo ayamba kumudikira, ntchito yonse n'kulemera. Tuba ndi munsi woyamba, inu ndinu wachiwiri. Nyimbo yogubira imayenda pafupifupi mabiti 120 pa mphindi, ndiye kuti m'nyimbo ya mphindi zitatu muli ndi timanotsi toposa 300 toyenera kugwera pakati ndendende. Bandi ikamamveka ngati ikukoka miyendo pa perete, kawirikawiri olakwa si a ng'oma, ndi oyankhawa amene akuchedwa kachidutswa kakang'ono pa biti iliyonse.

Kuchedwako kumabwera chifukwa cha zinthu zitatu. Ena amadikira kumva tuba kenako n'kuyankha, ndipo pofika poti khutu lauza lilime nthawi yadutsa kale. Ena amapuma kampweya pakati pa notsi iliyonse, n'kumangowefuka. Ena amatseka notsi ndi lilime, “tat, tat”, mawu n'kuuma ngati kuthyola nkhuni. Chitani chonchi. Ikani metronome ya pafoni (pulogalamu yogunda mabiti mofanana) pa mabiti 80 pa mphindi. Imbani manotsi onse awiri, la tuba ndi lanu, ofanana kutalika: ta-ta, ta-ta, kwa ma bar 8 (bar ndi kagawo ka nyimbo ka mabiti owerengeka). Kenako loyambalo lichepetseni mphamvu mpaka lizingomveka m'mutu mwanu, koma mimba ipitirize kukankha mpweya ngati mukuliimbabe. Lilime liyambitse notsi ndi “da” kapena “ta” wofewa, notsiyo ithe yokha pamphepo, osaitseka. Pumani kamodzi pa ma bar anayi aliwonse, pa biti ya tuba. Zikakhazikika kwezani liwiro ndi 8, mpaka mufike 120. Popeza mawu anu amayamba apita kumbuyo asanabwerere kwa omvera, muziwatulutsa msangako pang'ono kuposa mmene mtima ukukuuzirani. Kuti mudziwe ngati zikutheka, ikani foni kutsogolo kwa bandi, mamita 10 kuchokera pamene mwakhala, mujambule nyimbo imodzi n'kukamvera kunyumba. Zimene mumamva muli pampando n'zosiyana kwambiri ndi zimene zimafika kwa anthu.

Pali chinanso chimene manotsi anu atatu aja amachita. M'chord ya d, m, s, kawirikawiri tuba amagwira d, ndipo m amagwera kwa oimba apakati ngati inu. Notsi imeneyi ndiyo imanena ngati chord ndi yachisangalalo kapena yachisoni. Kuti chord ya major ikhale phee, m amayenera kutsikako pang'ono kuposa pamene kachipangizo kotchunira kamalozera, pafupifupi ma cent 14 (toni imodzi ili ndi ma cent 200), ndipo m'chord ya minor notsi yapakatiyo imakwerako pafupifupi ma cent 16. Wa cornet amavutika kuchita zimenezi ndi milomo yokha. Inu muli ndi dzanja lamanja m'kamwa mwa chida: mukalitsekako pang'ono mawu amatsika, mukalitsegula amakwera. Yesani ndi mnzanu wa tuba ndi wa trombone musanayambe kuphunzira. Iwo agwire d ndi s, inu mulowe ndi m, muziyendetsa dzanja pang'onopang'ono. Mudzamva kunjenjemera kwina pakati pa mawu atatuwo, “wa-wa-wa”, kukuchepa liwiro mpaka kuzimiririka, chord n'kumveka ngati yakula. Amene wamva zimenezi kamodzi saonanso aluto ngati chilango.

Kuzizira kwa kuno kumalowererapo. Mu June ndi July, m'mawa wa nkhungu ndi kamvula kowaza kaja, chitsulo chimazizira ndipo chida chozizira chimatsika mawu. Horn imavutika kuposa cornet chifukwa chitoliro n'chachitali ndipo mumakhala nthawi mukuwerenga ma bar osaimba. Muziuzira mpweya wofunda m'chidamo mwakachetechete musanalowe, ndipo slide yaikulu muilowetseko pang'ono poyamba, n'kuibwezera chida chikafunda. Madzi amadzazanso msanga nyengo imeneyi. Mukamva “kulukulu” m'mawu, mwachedwa kale. Khuthulani slide yaikulu ndi ya valve yachitatu pakatha nyimbo iliyonse.

Funso la amayi anu lisakupwetekeni mtima, koma lisapite pachabe. Yang'anani dzanja lanu lamanja. Zala zikhale zowongoka ndi zogundana, chala chachikulu chitagona pambali pa cholozera, chikhato chopindika pang'ono ngati mukutunga madzi. Kuseri kwa zala kutsamire khoma la chida la kutali ndi thupi lanu, ndipo pakati pa chikhato ndi khoma linalo patsale mpata woti dzira likhoza kudutsa. Ophunzira ambiri amagoneka chikhato pakhomo ponse, mawu n'kumveka ngati munthu akulankhulira m'bulangete. Onaninso kuti kukamwa kwa chida sikukuloza m'mimba mwanu kapena m'chovala. Za pokhala, pemphani kuti kumbuyo kwanu kukhale khoma lolimba pa mtunda wa mita imodzi kapena awiri, osati katani kapena khomo lotsegula. Pabwalo ngati pa Mzuzu Stadium palibe chobweza mawu, ndiye malo abwino ndi kumanzere kwa wotsogolera, mutayang'ana m'kati mwa bandi, chifukwa mukatero kukamwa kwa chida kumapenya kwa anthu. Thabwa la plywood loimika chopendekera kumbuyo kwa mpando wanu limathandizanso kwambiri. Musalole kukhala kutsogolo kwenikweni kwa ng'oma yaikulu kapena kwa ma trombone. Simudzimva, muyamba kukankha mopitirira, ndipo makutu anu avutika.

Ngati horn yanu ili ndi kogwirira ka chala chachikulu cha kumanzere kuwonjezera pa ma valve atatu aja, ndiye kuti ndi double horn, mtundu umene kampani ya Kruspe ya ku Erfurt ku Germany inayamba kupanga mu 1897. Mukakanikiza kameneko, mpweya umadutsa njira yaifupi ya B♭, ya mamita pafupifupi 2.7, ndipo manotsi apamwamba amatalikirana, kulunjika n'kuphweka. Oimba ambiri amasamukira mbali ya B♭ kuyambira pa G♯ wa pamzere wachiwiri kupita m'mwamba. Zala zake n'zosiyana, ndiye pezani tchati cha zala cha double horn muloweze. Pali achinyamata amene amakhala zaka akuthyoka mawu pa D ndi E wapamwamba, kogwirirako kali pomwepo osakakhudza, chifukwa amene anawaphunzitsa anali wa cornet.

Zonsezi n'zoti mukonze mbali yanu. Koma musathere pomwepo, chifukwa munthu amene waimba zaka zitatu akuyenera kulawako tchuni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: aphunzitsi anu ali ndi anthu oposa 25 oti awaganizire, ndipo sadzagona usiku akulota za horn. Muwapeze paokha mukamaliza kuphunzira, osati pamaso pa gulu, ndipo musayambe ndi dandaulo. Mawu akuti “zimene mumandipatsa n'zotopetsa” amatseka makutu a munthu wamkulu. Pitani ndi pepala m'manja, mutalemba kale ma bar 8, munene kuti, “Aphunzitsi, ndakonzako kachigawo aka, ndimati mukamve ngati kangatheke.” Mukatero mwawachotsera ntchito yolemba, ndipo chimene mukupempha n'chaching'ono moti kukana kumavuta.

Malo abwino opemphapo ndi awa. M'nyimbo zambiri zogubira muli chigawo chofewa chapakati chotchedwa trio, pamene euphonium imaimba kanyimbo kake pansi pa tchuni. Pemphani kuti muziimba naye limodzi kanyimbo kameneko pobwereza. Horn ndi euphonium zikaphatikizana zimatulutsa mawu onona amene chida chilichonse pachokha sichingatulutse, ndipo simukulanda mnzanu kanthu. M'nyimbo za Mulungu pemphani ndime yachiwiri: ma cornet apume, inu mutenge tchuni, ma trombone ndi tuba akuperekezeni chapansipansi. Izi zimathandiza bandi yonse, chifukwa milomo ya a cornet imapuma ndipo mpingo umamva kusintha m'malo momva phokoso lofanana ndime zisanu. Pamaliro makamaka, tchuni cha horn chimafika pamtima kuposa cha chida china chilichonse m'bandi.

Kalembedwe kake nkosavuta mukagwira lamulo. Kuchokera papepala la euphonium lolembedwa mu treble clef, tsitsani notsi iliyonse masitepe asanu, C akhale F wa m'munsi, ndipo muwonjezere flat imodzi pa kiyi. Kuchokera papepala la cornet lamulo ndi lomwelo, ndipo tchunicho chimveka octave imodzi pansi pa cornet, pamene horn imakoma kwambiri. Kuchokera m'buku la kwaya kapena la kiyibodi, kwezani masitepe asanu, C akhale G, ndipo muchotse flat imodzi kapena muwonjezere sharp imodzi. Kuchokera kwa alto sax ndi chimodzimodzi ndi tenor horn uja, toni imodzi pansi. Ngati muli ndi mwayi wa kompyuta, pulogalamu yaulere ya MuseScore imachita zimenezi yokha, koma yambani mwalemba ndi dzanja kangapo kuti mutu udziwe. Poyamba sankhani tchuni chokhala pakati pa C wa pansi pa mizere ndi E wa m'mpata wachinayi. Pamwamba pa apo mudzafika, koma osati tsiku loyamba loimba panokha pamaso pa anthu.

Chimene sindikulangizani n'kuyamba kuwonjezera manotsi anuanu pakati pa nyimbo popanda kuuza munthu. Ambiri otopa ndi “pa, pa” amatero. Zotsatira zake chord imasowa notsi yake yapakati, zowonjezerazo zimawombana ndi za euphonium, ndipo mphunzitsi akazindikira amasiya kukukhulupirirani pa nthawi imene mumafuna akupatseni zambiri.

Mukapatsidwa ma bar 8 aja, notsi yoyamba ndiyo mlandu wonse. Izolowereni motere: ikani chida pamiyendo, imbani notsiyo ndi pakamwa, nyamulani chida, pumani mpweya pa liwiro la nyimbo, imbani notsiyo kamodzi, tsitsani chida. Chitani ka 10 motsatizana, ndipo mukaphonya yambiraninso kuwerenga. Tsiku lina muchite zimenezi chida chili chozizira, mutakhala chete mphindi ziwiri, chifukwa m'tchalitchi mudzalowa choncho.

Njala ya tchuni isadikire bandi yokha. Zimene mumamva pa intaneti zambiri zinalembedwera orchestra, gulu lalikulu la mavayolini ndi zida zina, kumene horn imalemekezedwa kuyambira kale. Mozart analembera mnzake Joseph Leutgeb ma concerto anayi a horn (nyimbo zimene horn imatsogolera, orchestra n'kuiperekeza), ndipo chigawo chapakati cha wachitatu n'chodekha moti amene waimba zaka zitatu akhoza kuyamba kuchiphunzira. Mapepala ake amapezeka mwaulere pa intaneti, pa webusaiti ya IMSLP. Ena mwa mapepalawo analembedwa mu E♭, ndiye luso lotsitsa toni lija likugwirirani ntchito pomwepo. Pa zolimbitsa zala ndi lilime, oimba horn kulikonse amadutsa m'buku la maphunziro 60 lolembedwa ndi Kopprasch. Koma musanyoze za pakhomo. Nyimbo za kwaya zimene mumazidziwa, za chinkhoswe, ngakhale tchuni cha malipenga a ku Nkhata Bay chimene amachiliza ndi zikho, zonsezi muzizifufuza pa horn ndi khutu, popanda pepala, m'makiyi awiri kapena atatu. Khutu lotere ndi limene limachepetsa kuthyoka mawu, chifukwa pa horn notsi imene simunaimve m'mutu simungailunjike. Gwirizanani ndi woimba kiyibodi kuti Lamlungu lina muimbe nyimbo imodzi pa nthawi ya chopereka. Ndipo ngati mungapeze anzanu anayi, ma trumpet kapena ma cornet awiri, trombone ndi tuba, mwapanga kagulu ka anthu asanu kamene m'maiko ambiri kali ndi nyimbo zake zambirimbiri. M'kagulu kotere mulibe wobisala kumbuyo kwa mnzake, ndipo horn imakhala ndi mzere wakewake. Kagulu kotere kamakwana m'galimoto imodzi popita ku ukwati.

Patsiku mphindi 40 n'zokwanira ngati mwazigawa bwino: zisanu manotsi aatali ofewa, khumi kusuntha pakati pa manotsi ndi milomo yokha osasintha zala, khumi za “pa, pa” ndi kutsitsa toni, zotsalazo nyimbo imene mumaikonda. Muzichotsa chida pakamwa pafupipafupi. Mphindi 40 tsiku lililonse zimaposa maola atatu Loweruka lokha.

Tifike ku trumpet. Maganizo anga ndi akuti musasinthe chifukwa cha mapepala otopetsa. Kalata yanu ikuonetsa kuti chimene chimakugwetsani misozi ndi mawu a horn, ndipo trumpet sidzakupatsani mawu amenewo. Mukasamuka mudzakhala wachisanu ndi chimodzi pamzere wa anthu amene anayamba kale, ndipo wa cornet yachitatu nayenso amaimba “pa, pa” yemweyo. Oimba trumpet ali ponseponse, pamene woimba horn bwino ndi wosowa. Dziwaninso kuti kuimba zonse ziwiri nthawi imodzi kumasokoneza milomo pa msinkhu wanu. Mouthpiece (pouzirira) ya horn ndi yakuya ngati fanulo, ya mkombero wopyapyala, ndipo imakhala magawo awiri mwa atatu pa mlomo wam'mwamba. Ya trumpet ndi yosaya ngati kambale ndipo imafuna kakhalidwe kena. Ngati bandi yanu imakhalira kuguba panja, njira yapakati ndi kugwira tenor horn kapena mellophone (lipenga loimba mbali ya horn koma loloza kutsogolo) pa perete pokha, ngati zilipo, horn n'kuisungira m'tchalitchi. Kusintha kungakhale koyenera ngati mutadzifunsa moona mtima n'kupeza kuti chimene mumafuna ndi kutsogolera tchuni mokweza pabwalo. Chimenecho si cholakwa, ndipo ndi ntchito ya trumpet. Koma yambani mwayesa zimene tanenazi kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Popeza chida chanu n'chakale, mwina mbali ina ya kusamvekako ndi chidacho. Kokani slide ya valve imodzi osakanikiza valve yake. Ikatuluka ndi kaphokoso ka “pho”, valve ikutseka bwino. Ikatuluka mwakachetechete, mpweya ukuthawa, ndipo mawu amakhala ofooka ngakhale muuzire bwanji. Tsegulani kachivundikiro ka valve iliyonse muone ngati timizere tiwiri tolembedwa pamenepo tikukumana valve ikakanikizidwa ndiponso ikasiyidwa. Tikasemphana, timphira kapena tinkhokho toimitsa valve tadyeka. Mafuta a makina osokera amagwira bwino pa timiyendo ta valve, pansi pa kachivundikiro ndi kuseri kwake, dontho limodzi pa sabata, pamene m'kati mwenimweni mumafuna mafuta opepuka a ma valve. Mafuta ophikira musayese, amauma n'kumata zonse. Chingwe cha valve chikaduka, ulusi wolukidwa wa mbedza umalowa m'malo, koma jambulani valve yoyandikana nayo musanamasule kuti muone mmene chingwe chimazungulirira. Kamodzi pamwezi tsukani chitoliro choyambira ku mouthpiece ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wotsukira mbale. Madzi otentha amasupula utoto wonyezimira uja.

Pali zina zoti musalimbane nazo nokha. Valve ikakakamira kapena mouthpiece ikakanirira, musagwiritse pulayala kapena hamala. Chitsulo cha horn n'chopyapyala, ndipo chitoliro chikapotoka kukonza kwake kumadula kuposa vuto loyambalo. Funsani oimba a m'mabandi a apolisi kapena a asilikali kuti zida zawo amakonzetsa kwa ndani. Mwa iwo mukhozanso kupeza munthu woti akuoneni mukuimba ngakhale kamodzi pa miyezi itatu, makamaka pa kakhalidwe ka milomo ndi dzanja, zimene munthu sadziona yekha. Akasowa pafupi, jambulani kavidiyo kakafupi ka nkhope yanu chapambali ndi ka dzanja lanu m'chida, mutumizire mphunzitsi wa horn pa WhatsApp. Za thupi, mlomo wotupa pang'ono mukaimba nthawi yaitali umaphwa pofika mawa. Koma mukaona kuti mlomo wachita dzanzi kwa masiku awiri kapena atatu, mkombero wa mouthpiece ukusiya bala, dzino lakutsogolo likugwedera, nsagwada ikuwawa potafuna, kapena m'makutu mukulira mukachoka kophunzira mpaka m'mawa mwake, siyani kuimba mupite kuchipatala, ndipo za dzinozo mukaonane ndi dokotala wa mano. Mukapita, tengani mouthpiece yanu kuti akaone pamene imakanikiza.